Paipi ya m'balani musaimange mbali zonse ziwiri

Alimi a fodya wa fuluu, musanapachike tsamba loyamba m'balani chaka chino, yang'anani mmene mapaipi anu, aja onyamula kutentha kuchokera kung'anjo kupita kuchumuni, anakhalira. Ambiri akaona mng'alu amaloza chala wowotcherera kapena kupyapyala kwa chitsulo. Koma kawirikawiri paipi imang'aluka chifukwa inamangidwa molimba kwambiri.

Chitsulo chikatentha chimatalika. Mita imodzi imawonjezera mamilimita pafupifupi 1.2 pa madigiri 100 alionse a Celsius, ndiye paipi ya mamita 10 ikatentha ndi madigiri ena 200 imatalika ndi mamilimita 24, pafupifupi inchi yathunthu. Musanyengedwe ndi choyezera kutentha chomwe chapachikidwa pakati pa fodya. Poumitsa msempha wa tsamba, icho chimaonetsa madigiri cha m'ma 70, pamene chitsulo chapafupi ndi ng'anjo chimatentha kuposa apo kutalitali, mwina mpaka kufiira.

Nanga inchi ija ipita kuti ngati paipi mwaimatira ndi simenti kung'anjo komanso kuchumuni? Mawerengedwe ake ndi omwewo amene mainjiniya amachita pa mapaipi a mpweya wotentha m'mafakitale. Chitsulo wamba chotsekerezedwa uku ndi uku chikatentha ndi madigiri 100 okha chimadzipanikiza ndi mphamvu ya 240 MPa (MPa ndi muyeso wa kupanikizika), pafupi ndi pamene chimayamba kupindika osawongokanso. Paipi yaifupi nayonso sipulumuka, nambalayi ndi yomweyo. Yopyapyala imapindika msanga, ina imakankha njerwa n'kung'amba khoma. Moto ukazima imabwerera, n'kukoka powotcherera. Zikachitika mobwerezabwereza nyengo yonse, mng'alu umayambira pokhota, polumikizira ndi polowera khoma.

Choncho paipi iliyonse yowongoka igwidwe molimba malo amodzi basi. Kwina konse ingogona pa njerwa, kuti izitha kutsetsereka. Ine ndimakonda kuyika kachitsulo kosalala pamwamba pa njerwa iliyonse kuti paipi isakhulike. Njerwazo zisatalikirane, makamaka kufupi ndi ng'anjo, poti chitsulo chotentha kwambiri chimafooka n'kulendewera. Polumikiza, ina ilowe mkati mwa inzake mokwanira, koma musaigunditse mpaka kumapeto, siyani kampata. Podutsa khoma, bowo likhale lalikulupo kuposa paipi, ndipo mpatawo mutseke ndi dothi losakaniza ndi mchenga, osati simenti.

Moto muziukoleza pang'onopang'ono, ndipo paipi yotentha musaithire madzi pofuna chinyezi. Madzi athirani pansi, patali nayo.

Balani likadali lopanda fodya, yatsani kamoto ka udzu wauwisi m'ng'anjo, phimbani chumuni pang'ono, kenaka lowani ndi tochi chitseko chili chotsegula. Pomwe pakutuluka utsi lembanipo ndi choko, mukonze musanakolole. Utsi wotero umadetsa tsamba n'kugwetsa giledi kumsika, ndipo pobowoka pomwepo ndi pamene moto ungathethekere n'kugwira tsamba louma lomwe lagwera pafupi ndi paipi.