Magetsi a pa kamtsinje: tiyese nzeru za Faraday ndi dayinamo ya njinga

Abale anga a kuno ku Mulanje, ife timagona tikumva madzi akusokosera kuseri kwa nyumba chaka chonse, koma foni timakatchajitsa kumsika ndipo mwana amawerenga ndi katochi ataluma pakamwa. Zimenezi ine zimandiwawa kwabasi. Ndiye ndafuna ndikuuzeni momwe ine ndi mphwanga wa folomu 2 tinapangira kagetsi kathu pa kamtsinje ka kumunda, komanso za munthu amene anatulukira nzeru yake, chifukwa mukamvetsa zomwe iye anaona zinazi mutha kuzikonza nokha ngakhale zipangizo zanu zisiyane ndi zanga.

Munthuyo ndi Michael Faraday, wa ku England, anabadwa 1791 kufupi ndi London. Bambo ake anali osula zitsulo, odwaladwala, pakhomo panali posauka ndithu moti sukulu anangolawako kuwerenga, kulemba ndi kuwonkhetsa basi. Ali ndi zaka 14 anayamba kuphunzira ntchito yosoka ndi kumata mabuku kwa mkulu wina dzina lake George Riebau, zaka 7 ali pomwepo, ndiye mabuku omwe anthu amabweretsa kuti awamate iye amayamba wawawerenga kaye, mpaka anagwa m'chikondi ndi nkhani za magetsi. Mu 1812 anapeza mwayi wokamvera maphunziro a katswiri wa sayansi Humphry Davy, analemba zonse zomwe anamva, nkuzisoka kukhala buku la masamba pafupifupi 300, nkumutumizira mwini wake. Chaka chotsatira, 1813, Davy anamulemba ntchito yothandizira mu labu pa Royal Institution, bungwe la sayansi la ku London, kutsuka mabotolo ndi kukonza zipangizo. Ndi mnyamata wotsuka mabotolo ameneyu amene mu 1821 anapanga waya kuzungulira maginito ndi mphamvu ya batire, chiyambi cha mota imene ili mu chigayo ndi mu fani lero, kenako mu 1831 anatembenuza nkhaniyo, anapeza kuti maginito akamayenda pafupi ndi waya wokulunga, mu wayamo mumabadwa magetsi.

Ndiye musanathamangire kumtsinje yambani mwachita zomwe iye anachita, pakhonde pomwepo, ana akuonerera. Pezani maginito a mu sipikala yakufa, aja ozungulira akuda aja. Pezani waya wa kopa woonda uja amakhala atamukulunga mu thiransifoma ya wailesi yakale, amisiri okonza mawailesi pa Chitakale kapena ku Limbuli amakhala nazo zambiri zotayidwa, mukapempha mwaulemu amakupatsani kapena kukugulitsani motchipa. Mukulunge wayayo pa kachidutswa ka paipi ka pulasitiki, maulendo 200 kapena kuposa, osawerenga mwaulesi ayi. Apa pali pomwe ambiri amagwa: waya ameneyu amaoneka ngati ndi wosavala koma ali ndi utoto wowala umene sudutsa magetsi, ndiye nsonga zonse ziwiri muzipale ndi lezala mpaka kopa awale, mukapanda kutero mukhala tsiku lonse osaona kanthu. Mulumikize nsongazo ku kamita kaja amisiri amayezera mavoti, mukaike pa muyezo wotsikitsitsa.

Tsopano ikani maginito pakamwa pa paipi, muwasiye ali phee. Mita ikhala pa ziro. Akokeni msanga, manambala adumpha. Abwezeni, adumphanso koma kumbali inayo, kachizindikiro kochotsera kaoneka. Mphwanga anachita kubwereza kakhumi akuyang'anitsitsa kamitako, kenako anati malume ndiye kuti maginitowo paokha alibe magetsi eti, magetsiwo akuchokera m'dzanja langa. Ndi momwemodi. Faraday pa 17 October 1831 analowetsa maginito a ndodo mu waya wokulunga, singano ya chipangizo chake inagwedezeka polowetsa ndi potulutsa pokha, maginito akaima nayonso imabwerera pamalo pake. Patangopita masiku ochepa anazunguza chimbale cha kopa pakati pa maginito aakulu nkupeza magetsi osadukiza, jenereta yoyamba imeneyo. Ku Nkula ndi ku Kapichira pa Shire zomwe zikuchitika ndi zomwezi, kungoti dzanja lake ndi mtsinje.

Mita mukaisowa, chotsani kamota mu DVD yakufa kapena mu kagalimoto koseweretsa ana, mulumikize kababu ka LED kofiira, mupotokole kamtengo kake ndi zala mwamphamvu. Kakapanda kuyaka tembenuzani miyendo ya kababuko kapena potokolerani kwinako, LED imalola magetsi mbali imodzi yokha.

Dayinamo ya njinga, ija yonga kabotolo imakhuza tayala ija, mkati mwake muli zomwezo, maginito ozungulira pakati pa waya. Pathupi pake pamalembedwa 6V 3W nthawi zambiri. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anagwiritsa ntchito dayinamo ya njinga pomwe anamanga makina ake a mphepo mu 2002, ali mnyamata wa zaka 14 atasiya sukulu chifukwa cha fizi nthawi ya njala ija. Kwawoko ndi chigwa, mphepo imaomba mosatchingidwa. Kuno kwathu mphepo ndi yosadalirika, imazungulirazungulira ndi phiri, koma tili ndi chomwe a ku Kasungu alibe, madzi otsika mothamanga kuchoka pamwamba. Ku Bondo bungwe la MEGA likuyatsa midzi ndi madzi a Lichenya, ndiye sitikukamba zongolota.

Musanagule kanthu yezani madzi anu, ndipo muyeze mwezi wa October pomwe mitsinje yaphwera, osati February. Zoyeza ndi ziwiri. Choyamba kutsika kwake, kuchoka pomwe mutapire madzi kufika pomwe muike wilo ya njinga yoti madzi aziizunguza kuti iyendetse dayinamo, pakhale mamita atatu choimirira kapena kuposa. Chachiwiri kuchuluka kwake, tengani chigubu cha malita 20 muone chikudzadza masekondi angati, chikadzadza m'masekondi 20 ndiye kuti muli ndi lita imodzi pa sekondi. Masamu ake ndi osavuta, mamita kuchulukitsa ndi malita pa sekondi kuchulukitsanso ndi 10, ndiye mamita atatu ndi lita imodzi zikupatsani mawati pafupifupi 30 ali m'madzimo. Ambiri atayika m'paipi ndi pa wilo, koma dayinamo ikungofuna ochepa, ndiye zikwana bwinobwino.

Paipi gulani yonenepa, ya mamilimita 50, osati kahozi koonda kothirira m'dimba, chifukwa madzi amatopera mkati mwa paipi yoonda nkufika kumunsi alibe mphamvu. Kumtunda muike paipi m'kadziwe kakang'ono, pakamwa pake mumange sefa ya waya kapena kaneti kuti masamba ndi mchenga zisalowe. Kumunsi kokha ndi komwe muchepetse, bowo lake likhale ngati kunenepa kwa chala, mutha kuwotcha nsonga ya paipi pamoto nkuifinya, kapena kumatapo khosi la botolo. Madzi otsika mamita atatu amatuluka pa liwiro la mamita 7 ndi kanthu pa sekondi, ndipo wilo imagwira bwino ikamayenda theka la liwiro la madziwo, zomwe zikufanana ndi njinga yothamanga makilomita 13 kapena 14 pa ola. Liwiro limenelo ndi lomwe dayinamo inapangidwira, nchifukwa chake wilo ya njinga imakwanira ndendende pa ntchito imeneyi.

Tsono apa mvetserani bwino chifukwa ndi pomwe ine ndinataya masabata awiri. Poyamba ndinamanga timakapu toti madzi azimenyapo pa wilo yomweyo imene dayinamo imakhuza. Wilo imazungulira mokongola, madzi akuthovoka mbali zonse, koma tayala litanyowa kamutu ka dayinamo kamangotsetsereka, babu kumangophethira ngati chiphaniphani. Ndinamangitsa ndi mphira, ndinakanda tayala ndi fayilo, osatheka. Chomwe chinathandiza ndi mawilo awiri pa chitsulo chimodzi. Pitani kwa owotcherera ndi mawilo awiri akutha, awawotcherere pa ndodo imodzi yachitsulo yotalika ngati mkono ndi theka, yowongoka bwino, ndi maberingi awiri oti izizungulirapo. Wilo imodzi muichotse tayala, imeneyo ndi ya madzi. Inayo ikhale ndi tayala lopopa bwino, imeneyo ndi ya dayinamo. Pakati pake muimike lata kuti madzi asadumphire mbali youma, ndipo pamwamba pa dayinamo pakhale kadenga.

Timakapu timapangidwa ndi paipi yomweyo, kudula tizidutswa totalika ngati chala, nkuting'amba pakati kuti tikhale ngati tingalande. Tikhale 16 kapena 20, totalikirana mofanana, mutimange pa limu ndi timabawuti, waya amamasuka. Mukamaliza zunguzani wilo ndi dzanja muone ngati ikumaima malo amodzimodzi nthawi zonse, ikatero ndiye kuti mbali imodzi yalemera, onjezani kanati mbali inayo, apo ayi izigwedeza chimango mpaka kuzula mitengo. Madzi azimenya pakati pa kapu, osati pa limu. Sunthani nsonga ya paipi pang'onopang'ono mukumvetsera, pomwe kulira kwa wilo kwakwera kwambiri mangani pomwepo.

Dayinamo yambiri ili ndi polumikizira waya pamodzi pokha, pansi pake. Waya wachiwiri amachokera pathupi pa dayinamoyo, pa bawuti yomangira, chifukwa pa njinga felemu ndi imene imagwira ntchito ya waya winayo. Magetsi ake ndi obwerera uku ndi uku, monga munaonera pa mita paja, pomwe foni ndi batire zimafuna oyenda mbali imodzi. Ndiye pamafunika madayodi anayi, tizipangizo tolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, olumikizidwa ngati mlatho, ndi kapasita imodzi yaikulu yosalaza magetsiwo, zonsezi zimapezeka mu wailesi yakufa ndipo mmisiri wa mawailesi akulumikizirani mphindi khumi. Chonde foni musailumikize mwachindunji. Dayinamo ikamazungulira popanda chomwe ikuyatsa mavoti ake amakwera kupitirira 6 kutalitali, ine ndinapsereza matochi awiri tsiku limodzi ndisanadziwe zimenezi. Pambuyo pa kapasita ikani katchaja ka m'galimoto, kaja kolembedwa 12V mpaka 24V, kamatulutsa mavoti 5 okhazikika. Tina timakana kudzuka mavoti akachepa ndiye yesani tiwiri titatu. Pamenepo mutha kulumikiza mababu a USB kapena pawabanki.

Kunena mosabisa, mawati atatu ndi ochepa. TV iwalani, ayironi musaganizeko nkomwe. Ndi mababu awiri a LED oti ana awerengere ndi amayi aone pophika, kapena kudzadza pawabanki pang'onopang'ono masana kuti madzulo mutchajire foni. Nyumba ikakhala patali ndi mtsinje kupitirira mamita 30 musakoke waya woonda, magetsi ochepa chonchi amathera m'njira, bola kutchajira komweko m'kabokosi kokhoma nkumanyamula pawabanki. Komanso dayinamo sinapangidwe kuti izizungulira usana ndi usiku, imatentha ndipo mkati mumadyeka, ndiye muziipumitsa, kuikankhira kumbali monga timachitira pa njinga kukacha, ndi kudonthezera kaoyilo pakhosi pake sabata iliyonse.

Za madzi kambiranani kaye ndi amfumu ndi eni madimba akumunsi. Musatseke mtsinje wonse, patutsani gawo chabe ndipo madziwo akamenya wilo abwerere mumtsinje momwemo, anthu amatunga ndi kuthirira madzi omwewo. M'nkhalango yotetezedwa ya m'phiri musakamangemo kanthu popanda chilolezo cha a zankhalango. Ndipo mvula ikayamba, kuyambira December mpaka March, zulani zonse mukasunge kunyumba. Tonse tinaona zomwe Freddy anachita mu March 2023, timitsinje tomwe timadumpha ndi mwendo umodzi tinagubuduza miyala yaikulu ngati nyumba. Mwana asapite kukapulumutsa wilo kumtsinje kumtunda kukugwa mvula, ngakhale pomwe muli pakuwala dzuwa.

Chinthu china chomwe ndinatengera kwa Faraday ndi kope. Mkuluyu masamu apamwamba samawadziwa, koma chilichonse chomwe wayesa amalemba, chotheka ndi chokanika chomwe, ndime iliyonse ndi nambala yake, mpaka manambala anapitirira 16,000. Ifenso tinagula kope la masamba 40, mphwanga ndi amene amalemba, tsiku, masekondi odzadzira chigubu, kukula kwa bowo, mavoti pa mita. Ndi kopelo lomwe linatiululira kuti mavoti amatsika masiku atatu alionse chifukwa cha masamba a nthochi otseka sefa, ife tikuganiza kuti dayinamo yatha. Faraday yemweyo anayambitsa maphunziro a sayansi a ana pa Royal Institution nthawi ya Khirisimasi mu 1825, ndipo mpaka pano amachitikabe, iye anamwalira 1867.

Kwathu tsopano Loweruka lililonse ana a pamudzi amabwera kudzaona wilo, ndipo aliyense asanaloledwe kutsegula madzi amayamba wagwira maginito ndi kapaipi ka waya kaja pakhonde. Sabata yamawa tikufuna tionjezere dayinamo yachiwiri mbali ina ya tayala lomwelo, poti madzi akutsalabe ndi mphamvu, ndiye amene ali ndi dayinamo yongokhala pa njinga yakufa asaitaye, abwere nayo tidzayese limodzi.