Kasungidwe ka nsomba zamchere kuti zisafiire kapena kuchita chuku

Anthu ambiri amakhulupirira kuti nsomba ikathiridwa mchere ndi kuyanikidwa, monga amachitira ndi bakayawo, ndiye kuti nkhani ya kuwola yatha, koma pali tizilombo tina tosaoneka ndi maso, monga Halobacterium ndi Halococcus, timene timakondwera mu mchere wambiri ndipo timabwera ndi mchere womwewo, makamaka wa m'nyanja wouma ndi dzuwa. Mukaona mawanga ofiirira m'mbali mwa msana wa nsomba, ndipo mnofu wake ukuterera ndi kununkha, dziwani kuti ndi ntchito ya tizilombo timeneti. Timadontho takhofi tooneka ngati fumbi ndi chuku cha mtundu wa Wallemia sebi.

Choncho yambirani pa mchere. Ukazingeni m'chiwaya mpaka utenthe bwinobwino, uzizire, kenako muugwiritse ntchito, ndipo mchere umene wakhudzapo kale nsomba musaubwezere m'thumba. Tumbulani nsomba tsiku lomwelo yagwidwa, tsukani magazi onse a pamsana, ndipo pa makilogalamu atatu aliwonse a nsomba thirani kilogalamu imodzi ya mchere, mukusanjika nsombazo pamalo poti madzi otuluka azitha kutsika. Poyanika gwiritsani ntchito thandala lokwezeka pamalo opita mphepo, osati pamchenga, ndipo muzianula dzuwa likamalowa kuopa mame.

Vuto lalikulu limadza nthawi ya dzinja. Chinyezi cha mumpweya chikapitirira 75 peresenti, mchere umayamba kukoka madzi, moti nsomba imene inauma gwa mu Okutobala imapezeka yalowa chinyontho mu Januwale ili m'nyumba. Isungeni m'thumba lotseka bwino, pamalo ozizira, osagunda pansi kapena khoma. Kufiira kukangoyamba, tsukani nsombazo ndi madzi a mchere aukhondo n'kuziyanikanso, koma zimene zafewa kale tayani. Mankhwala a m'munda asayandikire nsomba, ngakhale tizilombo toboola titavuta chotani.

Kwa ochita malonda aakulu palinso njira yowalitsa chakudya ndi cheza champhamvu chosaoneka ndi maso chotchedwa gamma, chochokera ku chitsulo cha cobalt-60, imene akatswiri a ku Bhabha Atomic Research Centre ku Mumbai, m'dziko la India, akhala akuifufuza kwa zaka zambiri. Mu 1980 komiti ya akatswiri a FAO, IAEA ndi WHO, mabungwe a padziko lonse oona za chakudya, mphamvu ya nyukiliya ndi zaumoyo, inagamula kuti chakudya chowalitsidwa mpaka 10 kGy (kGy ndi muyeso wa kuchuluka kwa cheza chimene chakudya chalandira) chilibe chiopsezo kwa wodya, ndipo mlingo wosapitirira 1 kGy umakwanira kuthana ndi tizilombo toboola nsomba pamodzi ndi mazira ake, pamene chuku ndi mabakiteriya zimafuna wokwererapo. Chezacho sichitsalira mu nsomba, komanso sichichotsa poizoni amene chuku chasiya kale. N'chifukwa chake nsomba iyenera kupita kumakinawo ili youma, yabwino, ndiponso yomatidwa kale m'paketi yake, popeza ikatsegulidwa pamsika tizilombo timalowanso tsiku lomwelo.