Momwe mungafunsire chilolezo chokakhala kunja: yambani ndi mapepala anu, ajenti adikire

Agogo athu akapita ku Joni kapena ku Harare osabwerako, kumudzi ankawatchula kuti matchona. Masiku ano maso a achinyamata ali ku Canada, Australia ndi UK, ndipo ulendo wake umayendedwa pa mapepala. Ndamva kambirimbiri kuno ku Chipata za anthu amene anagulitsa ng'ombe kapena puloti, n'kutumiza ndalama pa foni kwa munthu wowalonjeza viza, kenako nambala ija osapezekanso. Zimandiwawa, chifukwa njira yoona ilipo, ndipo mbali yaikulu mungayende nokha.

Choyamba, dziwani khomo lomwe mulowere

Makomo aakulu ndi awiri: la banja ndi la luso. Viza yokacheza sikupatsani ufulu wokhazikika, ndipo mukapitirira masiku ake mungadzitsekere makomo onse awiri.

Pa khomo la banja m'pamene ambiri timakhumudwa. Kwathu mwana wa abambo aang'ono ndi m'bale weniweni, ndipo amalume ali ndi mawu pa ana a mlongo wawo. Malamulo a maiko aja sadziwa zimenezo. Kwa iwo banja ndi mwamuna, mkazi ndi ana, makolo mwa apo ndi apo. Canada imalola kuitanitsa mwana wosakwana zaka 22 amene sali pa banja. Mchimwene wanu wa ku Toronto kawirikawiri sangakuitanitseni, koma ngati ndi nzika kapena wokhazikika kumeneko, amakuwonjezerani mapointi 15 pa khomo la luso. Ku UK, kuyambira mu Epulo 2024, woitanitsa mkazi kapena mwamuna wake ayenera kuonetsa kuti amalandira mapaundi 29,000 pa chaka. Ku America nzika imatha kuitanitsa m'bale wa bere limodzi, koma mzere wake umapitirira zaka 10, ndipo malamulo a kumeneko okhudza ife a ku Zambia akhala akuwumitsidwa kuyambira 2025. Musanawononge ngwee iliyonse, werengani zomwe ofesi ya kazembe wawo ku Lusaka yalengeza.

Chachiwiri, yalani mapepala onse pamphasa

Tengani reji, pasipoti, setifiketi ya kubadwa, ya Giredi 12, ya ku koleji ndi ya ukwati. Werengani dzina ndi tsiku lobadwa pa lililonse, chilembo ndi chilembo. Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene mwana wa mlongo wanga, namwino, anataya pafupifupi chaka chathunthu. Pa reji panali dzina la abambo ake, pa setifiketi ya sukulu panali la amalume amene anamulera, ndipo chaka chobadwa chinasiyana ndi chimodzi. Kwa ife sizachilendo. Ena anabwereza Giredi 7 ndi dzina lina, ena dzina lawo analilemba Chisomo apa, Cisomo apo. Koma kwa wogwira ntchito za maviza amene sanafikepo ku Katete, amenewo ndi anthu awiri.

Konzani zimenezi musanalipire china chilichonse. Kusiyana kwa kalembedwe kumafotokozedwa ndi afidaviti yolumbirira pamaso pa Commissioner for Oaths. Ngati dzina linasinthiratu, funsani loya za deed poll, chikalata chosinthira dzina mwalamulo. Ngati mulibe setifiketi ya kubadwa, yambani kuifunsira tsopano ku ofesi ya kalembera, ndipo funani khadi yanu ya kusikelo ngati amayi anaisunga.

Za ukwati nazo. Ankhoswe anakumana, malowolo anaperekedwa, mudzi wonse unadya nsima, koma popanda pepala ofesi ya maviza ilibe poyambira. Ukwati wa mwambo umapatsidwa setifiketi ku Local Court, ndipo wa kukanselu uli ndi yake. Sunganinso zithunzi za tsikulo, malisiti a ndalama zomwe mumatumizirana ndi mauthenga a pa WhatsApp, chifukwa adzafuna umboni woti banjalo ndi lenileni. Ana onse alembeni pa fomu, ngakhale wobadwira kunja kwa banja, ngakhale amene atsala ndi agogo. Ku Canada mwana amene simunamutchule pofunsira mungadzalephere kumuitanitsa m'tsogolo.

Chachitatu, mayeso a Chingerezi

Tinaphunzira m'Chingerezi kusukulu, inde, koma ambiri amafunsidwabe mayeso. IELTS imalembedwa ku Lusaka kudzera ku British Council, ulendo wa makilomita pafupifupi 570 mu Great East Road, choncho werengerani basi ndi pogona. Samalani mtundu wake. Express Entry, njira ya Canada yosankhira anthu aluso, imafuna General Training, pomwe bungwe la anamwino ku UK limafuna Academic kapena OET. Zotsatira zimagwira ntchito zaka 2 zokha, ndiye musalembe pamene nkhani ya maina idakali yosakonzeka.

Chachinayi, maphunziro anu ayesedwe ndi a kumeneko

Chidindo cha ZAQA, bungwe lotsimikizira masetifiketi a maphunziro, n'chofunika kuno kwathu, koma dziko lililonse lili ndi mabungwe ake oyesa. Ku Canada ambiri amagwiritsa ntchito WES, ndipo lipoti lake limakhala zaka 5. Zotsatira zanu za ku yunivesite zimayenera kuchokera kusukuluko mwachindunji, osadzera m'manja mwanu, choncho pitani nokha mukalondole. Ku Australia anamwino amayesedwa ndi ANMAC, mainjiniya ndi Engineers Australia, ndipo amisiri monga owotcherera ndi amakanika ndi TRA. Pemphaninso makalata kwa amene munawagwirira ntchito, olembedwa pa pepala la kampani, osonyeza masiku, maola, malipiro ndi zomwe munkachita. Mapesilipi ndi chikalata cha NAPSA zimathandiza kwambiri. Amisiri ambiri a ku Kapata ali ndi manja abwino koma alibe pepala lililonse, ndipo kwa iwo sitepe yoyamba ndi trade test ya TEVETA.

Chachisanu, werengani mapointi, kenako lembetsani

Canada ili ndi Express Entry kuyambira 2015. Wofunsira ali kunja kudzera mu Federal Skilled Worker ayenera kupeza 67 pa 100 kuti alowe mu mpikisano, kenako amayesedwa pa mapointi 1,200. Zaka 20 mpaka 29 ndizo zimapatsa mapointi ochuluka, ndipo akapitirira apo amayamba kuchepa chaka ndi chaka. Chigawo cha Canada chikakusankhani mumawonjezeredwa 600. Kulembetsa koyambako n'kwaulere, pa webusayiti ya boma lawo.

Australia imafuna mapointi osachepera 65 ndi zaka zosafika 45. Mumalembetsa mu SkillSelect pa viza 189, 190 kapena 491. Ziwiri zoyambazo n'zokhazikika, pomwe 491 ndi ya zaka 5 m'madera a kunja kwa mizinda ikuluikulu, yotsegula njira yokhazikika pambuyo pake. Maiko onse awiriwa akakuitanani amakupatsani masiku 60 okha operekera zonse. N'chifukwa chake mapepala amayamba.

UK ndi yosiyana: poyamba mupeze ntchito kwa bwana wololedwa ndi boma, amene amakupatsani Certificate of Sponsorship. Anamwino dziwani kuti Zambia ili pa mndandanda wa WHO wa 2023 wa maiko osowa ogwira ntchito zachipatala, choncho makampani saloledwa kubwera kudzakukopani, koma inu nokha mungafunsire ntchito mwachindunji. Njira yolembera osamalira okalamba kuchokera kunja inatsekedwa mu Julayi 2025. Wokuuzani lero kuti akugulitsani malo a ntchito imeneyo ndi kathyali.

Chachisanu ndi chimodzi, apolisi, dokotala ndi banki

Chikalata cha apolisi chimafuna kudindidwa zala. Pa Express Entry, Canada imafuna chimodzi kuchokera ku dziko lililonse limene munakhalako miyezi 6 yotsatizana m'zaka 10 zapitazi mutakwanitsa kale zaka 18, ndiye amene munaphunzira ku Lilongwe kapena kugwira ntchito ku Johannesburg yambani msanga. Kupimidwa kumachitika kwa madokotala okhawo osankhidwa ndi dzikolo, ndipo UK imafuna anthu a ku Zambia apimidwe TB.

Ndalama zosonyeza kuti mudzadzisamalira zikhale mu banki m'dzina lanu. Canada imayang'ana mmene akaunti yayendera miyezi 6 ndipo silola ndalama zangongole. Kaloba wolowa dzulo amaoneka msanga. Za chilimba kapena za soya mwagulitsa, ziikeni ku banki ndipo malisiti musataye.

Nanga ajenti?

Palibe lamulo lokukakamizani kukhala naye. Mukafuna thandizo lolipira, wa Canada akhale loya wa kumeneko kapena wolembetsedwa ku CICC, bungwe loyang'anira maajenti, wa Australia akhale loya kapena wopezeka m'kaundula wa maajenti wa OMARA, ndipo dzina lake mulifufuze nokha pa intaneti. Imelo ndi pasiwedi ya akaunti zikhale zanu, ndipo fomu muiwerenge yonse isanatumizidwe. Ajenti akawonjezera digiri yomwe mulibe, wolangidwa ndinu: Canada imaletsa wonama zaka 5, UK mpaka zaka 10.

Chilolezo chikatuluka chimabwera ndi tsiku lomaliza lolowera m'dzikomo, ndipo kuchisunga kulinso ndi malamulo ake. Ku Canada muyenera kukhalako masiku 730 pa zaka 5 zilizonse. Reji yanu musaitaye. Kuyambira 2016 malamulo a Zambia amalola unzika wa maiko awiri, choncho ngakhale mutadzatenga pasipoti ya kumeneko, pobwera ku Nc'wala kapena ku Kulamba mudzalowa ngati mwana wa pakhomo.