Aphunzitsi a pa yunivesite, kafukufuku wanu muzilowa naye m'kalasi

Ambiri timakhulupirira kuti katswiri wa kafukufuku ndiye katswirinso pophunzitsa. Mu 1996, John Hattie ndi Herbert Marsh anaunika zotsatira za akafukufuku 58, ndipo anapeza kuti ubale wa ziwirizi ndi wochepa kwambiri, pafupifupi palibe. Mapepala amene mwasindikiza samufika okha wophunzira wokhala kumbuyo kwa kalasi. Mumufikitsire ndinu.

Choncho sabata ino tengani tebulo limodzi la manambala ochokera mu kafukufuku wanu, lomwelo lokhala ndi mipata ndi zofufuta. Agawireni ophunzira m'magulu, muwafunse chimene akuona. Musawauze yankho msanga. Auzeninso za kuyesa kumene kunakukanikani ndi mmene munadziwira polakwika, pakuti pamenepo maso awo amatseguka, n'kuzindikira kuti zolembedwa m'buku zinachita kuvutikiridwa.

Inu amene mwaphunzitsa zaka zambiri muli ndi chuma chimene wachinyamata alibe: mumadziwiratu mutu umene ophunzira amapunthwapo chaka chilichonse. Pamenepo chedwanipo dala. Koma zaka zimaiwalitsanso mmene phunzirolo linkavutira poyamba, ndipo manotsi akafiira ndi kukalamba ophunzira amadziwa. Zimandipweteka kuona mphunzitsi wanzeru akuwerengera bolodi ola lathunthu osayang'ana nkhope ya aliyense.

Za kuchonga nazo musazipeputse. Ku Britain, kafukufuku wa National Student Survey, wofunsa maganizo a ophunzira a m'mayunivesite, amene anayamba mu 2005, kwa zaka zambiri waonetsa ophunzira akudandaula ndi kachongedwe ndi ndemanga za aphunzitsi. Bwezani ntchito imene mwachonga ina isanaperekedwe, ndipo pambali pa malikisi lembani chinthu chimodzi choti akonze.

Atsogoleri a madipatimenti, musamuweruze mphunzitsi ndi mafomu okha amene ophunzira amalemba kumapeto kwa semesita. Kafukufuku wosindikizidwa mu 2019 anaonetsa kuti ku yunivesite ya Harvard, ophunzira fizikisi amene ankalimbana okha ndi mafunso m'kalasi anakhoza bwino kuposa amene ankangomvetsera, koma iwo eni ankaona ngati aphunzira zochepa. Wophunzira wotuluka thukuta sathokoza msanga. N'chifukwa chake mphunzitsi afotokoze tsiku loyamba chifukwa chimene akuwagwiritsira ntchito chonchi. Pakati pa semesita agawe timapepala topanda mayina, aliyense alembe chimene sakumvetsa, ndipo sabata yotsatira abwere ndi mayankho.