Mankhwala amene mwabaya chiweto sathera m'thupi mwake

Alimi ambiri a nkhuku, anapiye akangofika m'khola, amasungunula ufa wa oxytetracycline, mankhwala opha mabakiteriya, m'madzi akumwa, ati kuti asadwale ndiponso akule msanga. Ena ng'ombe ikangozyolika n'kusiya kubzikula, amatola botolo lomwe linatsala chaka chatha n'kuibaya jakisoni, asanadziwe n'komwe kuti yadwala chiyani. Alimi anzanga, chizolowezi chimenechi tichisiye. Akatswiri ofufuza za mabakiteriya akhala akuwalondola mankhwalawa kuchokera m'khola, kudzera m'ndowe, m'nthaka ndi m'madzi, mpaka m'matumbo a munthu, ndipo zimene apeza si zosangalatsa.

Mabakiteriya ndi tizilombo ta selo imodzi, tosaoneka ndi maso. Antonie van Leeuwenhoek wa ku Netherlands ndiye anayamba kutiona m'zaka za m'ma 1670 pogwiritsa ntchito timagalasi tomwe ankasula yekha. Tochuluka mwa ito si adani athu ayi. Ng'ombe siingagaye udzu popanda mabakiteriya okhala m'chifu chake. Timatuza tomwe mumationa ku mizu ya nyemba ndi soya ndi nyumba za mabakiteriya a gulu lotchedwa rhizobia, omwe amatenga nayitrojeni wa mumpweya n'kupatsa mbewu. Ngakhale mankhwala a streptomycin, omwe anapezeka mu 1943 n'kukhala oyamba kugonjetsa chifuwa chachikulu, anachokera kwa mabakiteriya a m'dothi. Tsono mankhwala opha mabakiteriya, omwe timati maantibayotiki, sadziwa kusankha. Akalowa m'thupi amasesa oipa ndi abwino omwe.

Vuto lagona pa otsalawo. Pakati pa mabakiteriya mamiliyoni ambirimbiri sipalephera kupezeka ochepa olimbirako kuposa anzawo. Mukapereka mankhwala ochepa mphamvu, kapena mukawapereka tsiku ndi tsiku kwa ziweto zomwe sizikudwala, ofooka amafa, olimba aja n'kutsala okha ndi malo onse komanso chakudya chonse. Zili ngati mlimi wopalira udzu wofewa wokhawokha n'kusiya wouma mutu kuti ubereke njere: chaka chamawa munda wonse ndi womwewo. Ndipo mabakiteriya sadikira chaka. E. coli, yemwe amakhala m'matumbo a anthu ndi ziweto, zinthu zikamuyendera bwino amagawikana pawiri m'mphindi 20 zilizonse, moti m'maola 7 mmodzi uja amakhala ataposa 2 miliyoni. Choopsa china n'chakuti amagawana luso lokana mankhwala ngakhale ndi mabakiteriya a mtundu wina, popatsirana tizidutswa ta DNA. Bakiteriya wosavulaza wa m'chitosi cha nkhuku akhoza kupatsira lusoli kwa Salmonella, yemwe amatsegula mwana m'mimba. Alexander Fleming, amene anatulukira penicillin mu 1928, anachenjeza kale za mlingo woperewera mu 1945 pomwe ankalandira mphoto ya Nobel.

Umboni woti za m'khola zimafika kwa mwini khola unaoneka bwino mu 1976. Stuart Levy ndi anzake, pa famu ina pafupi ndi Boston ku America, anagawa nkhuku m'magulu: zina ankazipatsa chakudya chosakaniza ndi oxytetracycline pang'ono, zina chakudya chopanda mankhwala. Pasanathe sabata yathunthu, pafupifupi mabakiteriya onse a m'matumbo a nkhuku zodya mankhwala zija anali osamva tetracycline, gulu la mankhwala lomwe oxytetracycline alimo. Patapita miyezi ingapo anayambanso kukana mankhwala ena omwe nkhukuzo zinali zisanalawepo. Pofika miyezi 5 mpaka 6, anthu a banja lokhala pa famuyo anapezeka ndi mabakiteriya osamva mankhwala ochuluka m'chimbudzi chawo kuposa anansi awo, chonsecho iwo sankamwa mankhwalawo. Mabakiteriyawo anangowatenga posamalira nkhuku.

Mu 2015 ofufuza ku China analengeza kuti apeza mabakiteriya a E. coli mu nkhumba, mu nyama ya pamsika ndi mwa odwala m'chipatala, osamva colistin ndiponso otha kupatsira anzawo lusolo. Colistin ndi mankhwala omwe madokotala amasungira wodwala amene mankhwala ena onse amukanika, koma alimi ankawathira m'chakudya cha nkhumba kuti zinenepe. Dziko la China linaletsa zimenezi mu 2017. Sweden inali italetsa kale kunenepetsa ziweto ndi maantibayotiki mu 1986, mayiko a European Union n'kutsatira mu 2006, ndipo ulimi wa ziweto sunagwe kumeneko. Kafukufuku wamkulu yemwe anatuluka mu 2022 anawerengera kuti m'chaka cha 2019 chokha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse anafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala. Sikuti onsewo mlandu wake ndi wa alimi, zipatala nazo zili ndi mbali yake yaikulu. Koma ife tikonze kwathu kukhola.

Chiweto chikadwala, choyamba chipatuleni kwa zinzake, kenako itanani dokotala kapena mlangizi wa ziweto kuti achione. Matenda ambiri omwe amapulula ziweto sayamba ndi mabakiteriya. Chitopa cha nkhuku, chigodola cha nkhumba ndi matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ng'ombe amayamba ndi mavayirasi, ndipo maantibayotiki sachita kanthu pa mavayirasi ngakhale mutathira paketi yonse. Chitopa chimafuna katemera nkhuku zisanadwale. Mbuzi yowonda ndi yotsegula m'mimba nthawi zambiri vuto lake ndi nyongolotsi, zomwenso zili ndi mankhwala akeake. Ngati matenda akubwererabwerera, monga kutupa bere kwa ng'ombe ya mkaka, pemphani kuti mkaka ukayezedwe ku labotale. Kumeneko amamera mabakiteriyawo m'kambale, n'kuikapo timapepala tozungulira tonyika m'mankhwala osiyanasiyana. Kutacha, pamene mankhwala akugwira ntchito pamaoneka bwalo loyera lopanda mabakiteriya kuzungulira kapepalako. Pamene sakugwira, mabakiteriya amamera mpaka kukakhudza kapepala. Mukatero mugula mankhwala amodzi oyenera m'malo moyesa atatu mwachisawawa.

Dokotala akanena kuti mankhwala akufunikadi, perekani mlingo wokwanira molingana ndi kulemera kwa chiweto. Apa mpamene ambiri amalakwitsa, chifukwa ng'ombe amaiyeza ndi maso, ndipo maso a munthu wofuna kuti botolo likwanire ng'ombe ziwiri amaichepetsa ndithu. Ngati mulibe sikelo, pali tepi yoyezera kuzungulira chifuwa kuseri kwa miyendo yakutsogolo, yomwe imakupatsani makilogalamu oyandikira. Malizani masiku onse omwe mwauzidwa, musasiye poona kuti chiweto chayamba kudya. Mankhwala osungunula m'madzi muzisungunula atsopano tsiku lililonse, ndipo kumbukirani kuti nkhuku yodwalitsitsa ndi yomwe imamwa madzi ochepa. Makapisozi omwe munthu analandira kuchipatala si a nkhuku.

Pa botolo kapena paketi iliyonse pamalembedwa masiku odikira musanaphe chiweto, musanadye mazira kapena kugulitsa mkaka. Masikuwa amasiyana malinga ndi mankhwala, ndipo jakisoni wokhalitsa m'thupi amafuna masabata angapo nyama isanadyedwe. Werengani, lembani tsikulo m'kope, ndipo ng'ombe yobayidwayo muimange kansalu kumwendo kuti wokama asaiwale. Ndikudziwa kuti kutaya mkaka kumawawa. Komabe kuuwiritsa sikuthandiza: moto umapha mabakiteriya, koma suchotsa mankhwala onse otsalira. Opanga yogati amaukana mkaka wotere chifukwa umapha mabakiteriya owawasitsa, ndiye taganizani zomwe ungachite m'mimba mwa mwana womwa tsiku lililonse.

Mbali yomwe alimi ambiri saiganizira ndi manyowa. Gawo lalikulu la mankhwala omwe chiweto chalandira limatuluka mu mkodzo ndi ndowe likadali ndi mphamvu, pamodzi ndi mabakiteriya omwe apulumuka. Mukathira ndowe zaziwisizo pa bedi la masamba, mvula kapena madzi othirira amathovukira pa masambawo, ena n'kutsetserekera kuchitsime ndi kumtsinje. Choncho manyowa aziyamba apsa. Unjikani ndowe posinthanasinthana ndi udzu wouma kapena mapesi, mulu ufike m'chiuno kapena kuposerapo, muwaze madzi mpaka muzimva chinyontho mukafinya m'manja koma osadontha. Mulu wopangidwa bwino umatentha wokha, ndipo otenthetsawo ndi mabakiteriya ena okonda kutentha. Lamulo la ulimi wosagwiritsa ntchito feteleza wa m'fakitale ku America limafuna kuti mulu wotembenuza ukhale pa madigiri 55 a Celsius kapena kuposerapo kwa masiku 15, ukutembenuzidwa kasanu, kuti za m'mbali nazo zilowe pakati. Ngati mulibe choyezera, lowetsani chitsulo pakati pa mulu kwa mphindi zingapo. Mukachisolola chizikhala chotentha moti simungachigwire nthawi yaitali. Chikatuluka chozizira, mulu wauma kapena wanyowa kwambiri. Lamulo lomwelo limati amene wathira ndowe zosapsa adikire masiku 120 asanakolole mbewu zomwe gawo lodyedwa limakhudza nthaka, ndi masiku 90 pa mbewu zina. Kupsa kwa manyowa kumachepetsa kwambiri majeremusi ndi mankhwala otsalira, ngakhale sikuchotsa zonse. Muluwo ukhale kumunsi kwa chitsime, osati kumtunda.

Ena amapopera maantibayotiki a ziweto pa tomato wofota. Musatero. Ku America, komwe streptomycin ankapoperedwa pa mitengo ya maapozi ndi mapeyala, mabakiteriya oyambitsa matenda a mitengoyo anayamba kukana mankhwala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Mabakiteriya ofotetsa tomato amakhala m'nthaka ndi m'mitsempha ya chomera, komwe mankhwala opopera safika. Zulani chomera chodwalacho ndi dothi la ku mizu yake, chitani kasinthasintha ndi mbewu za mtundu wa chimanga, ndipo tsukani khasu musanapite nalo pa bedi lina.

Nanga anapiye aja muwapatse chiyani? Madzi oyera osinthidwa tsiku lililonse, malo ofunda, utuchi wouma, mpweya wokwanira, katemera pa nthawi yake, ndiponso khola lomwe latsukidwa n'kukhala lopanda nkhuku kwa masabata awiri gulu latsopano lisanalowe. Musawapanikize. Pakhomo la khola pakhale nsapato za m'kholamo zokha, ndipo mukatuluka sambani m'manja ndi sopo musanagwire chakudya kapena mwana. Mankhwala otsala ndi otha nthawi musawakhuthulire m'ngalande kapena pa mulu wa manyowa. Asungeni m'botolo lake lotseka ndipo mufunse dokotala wa ziweto njira yovomerezeka yowatayira kwanuko.