Mukalowa m'nkhalango yamvula, musathamange

Tsiku langa loyamba ku Danum Valley, m'chigawo cha Sabah ku Malaysia, ndinalowa m'nkhalango nditavala jinzi, malaya akotoni ndi nsapato zoyera mbee. Ndinali nditaona zithunzi za anyani a orangutan pa intaneti, ndiye mumtima ndinkati ndikangolowa ndiwapeza ali phee pa nthambi kundidikira. Tinayenda maola anayi. Ndinaona mitengo, matope, ndi mitengo inanso. Madzulo povula nsapato, sokosi yakumanzere inali psuu ndi magazi, ndipo msundu wokhuta ngati chala chaching'ono unagwera pansi n'kuyamba ulendo wake osandilabadira n'komwe. Jinzi ija sinaumenso mpaka tsiku lochoka.

Koma cholakwa changa chachikulu sichinali zovala ayi. Ndinapita ndi maganizo a munthu wokaona nyama m'tchire loyera, kumene njovu umaionera kutali uli m'galimoto. Nkhalango yamvula siili choncho. Mitengo yake imatalika mamita 40, ina kupitirira 60, ndipo zipatso, maluwa, mbalame ndi apusi zonse zili kumwambako. Pansi pomwe inu mukuponda pamafika kuwala kochepa zedi, pafupifupi 2 peresenti ya kuwala kwa dzuwa. Nyama zilipo zambirimbiri, kungoti zimayamba ndi izo kukuonani. Ndiye langizo langa loyamba, limene ena onsewa atsamirapo, ndi ili: sankhani malo amodzi, mugonepo masiku atatu kapena anayi. Zoti lero kuno mawa uko, mudzangobwerako ndi kutopa.

Ngati mtima wanu uli pa kuona nyama, funani malo a m'mbali mwa mtsinje, chifukwa pamenepo nkhalango imatseguka ndipo maso amafika patali. Ku Sabah komweko kuli mtsinje wa Kinabatangan, kumene amakukwezani boti m'mamawa ndi chakumadzulo. Dzuwa likamapendeka, apusi a mphuno yaikulu yolendewera, amene amapezeka pa chilumba cha Borneo chokha, pomwe pali Sabah, amasonkhana m'mitengo ya m'mphepete mwa madzi kuti agone, ndipo mumawaona bwinobwino. Ndisabise, chimodzi mwa zifukwa zimene nyama zathithikanirana m'mbali mwa mtsinjewu n'chakuti minda ya migwalangwa ya mafuta yaipanikiza nkhalango mbali zonse. Mudzaiona nokha mindayo pa msewu, makilomita ambirimbiri. Pafupi ndi tauni ya Sandakan pali malo a Sepilok, amene anatsegulidwa mu 1964 kuti azilera ana amasiye a orangutan n'kuwabwezera kutchire. Amawaikira chakudya kawiri pa tsiku, koma nthawi imene zipatso zapsa m'nkhalango anyaniwo sabwera. Musakwiye zikatero, ndiye kuti ntchito yowaphunzitsa kudzidalira ikuyenda.

Ku Amazon, musanagule tikiti funsani za madzi. Anthu ambiri amalowera ku Manaus ku Brazil, kapena ku Iquitos ndi Puerto Maldonado ku Peru. Ku Iquitos sungafikeko pa msewu kuchokera m'mizinda ina ikuluikulu, n'kwa ndege kapena boti basi. Cha ku Manaus madzi amakwera ndi kutsika pafupifupi mamita 10 pa chaka. Amadzaza kwambiri cha mu Juni, n'kuphwera cha mu Okutobala ndi Novembala. Akadzaza mumapalasa bwato pakati pa mitengo, nthambi zili pafupi ndi mutu wanu. Akaphwera m'pamene njira zoyenda pansi zimaoneka. Ndi maulendo awiri osiyana, ngakhale malo ali amodzimodzi. Kanthu kena kothandiza: madzi a mtsinje wa Rio Negro, umene umadutsa ku Manaus, ndi akuda ngati tiyi wopanda mkaka, ali ndi asidi, ndipo udzudzu suswana kwambiri mmenemo. Amene udzudzu umakukondani, gonani m'mbali mwa mitsinje yakuda yotere.

Costa Rica ndi yosavuta kwa woyamba kumene, njira zake n'zokonzedwa bwino. Kungoti ku Monteverde, malo otetezedwa amene anakhazikitsidwa mu 1972, muli pamwamba pafupifupi mamita 1,500, m'kati mwa nkhungu, ndipo kumazizira. Tengani juzi. Ku paki ya Corcovado salola kulowa popanda wokutsogolerani wachiphaso.

Za anyani akuluakulu a gorilla ku paki ya Bwindi ku Uganda ndi ya Volcanoes ku Rwanda, nkhani yagona pa chilolezo. Ku Rwanda mlendo wochokera kutali amalipira madola 1,500 kuyambira mu 2017. Ku Uganda n'kotsikirako. Banja limodzi la gorilla limachezeredwa ndi alendo 8 okha pa tsiku, kwa ola limodzi, ndipo wosakwana zaka 15 saloledwa. Sungitsani malo kudakali miyezi. Mukadzuka ndi chimfine nenani, chifukwa chimfine chathu chomwechi chikhoza kupha gorilla. Ndipo mulembe wokunyamulirani chikwama ngakhale mukudzimva mphamvu. Ine ndinakana poyamba chifukwa cha manyazi, koma pa chitunda choterera cha ku Bwindi ndi mnyamata wonyamula chikwama cha munthu wina amene anandigwira dzanja.

Kuchipatala pitani kudakali mwezi umodzi kapena kuposerapo. Katemera wa yellow fever amafunika m'maiko ambiri a nkhalango za ku Africa ndi South America, ndipo kakadi kachikasu kosonyeza kuti munabayitsa kamayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10 chibayireni. Kuyambira mu 2016 bungwe la WHO linati katemera mmodzi ndi wokwana moyo wonse, choncho ngati munabayitsa kale, ingosakani kakadiko. Mankhwala oteteza malungo adokotala akusankhireni: doxycycline amapitiriza kumwa milungu inayi mutachokako, pomwe atovaquone-proguanil ndi masiku 7. Chimene ambiri sadziwa ndi matenda a dengue. Udzudzu wake umaluma masana, ndiye neti yokha siikwanira. Dzolani mankhwala othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET m'mawa momwe, ndipo zovala muziwaze mankhwala opha tizilombo a permethrin musananyamuke. Mukhale ndi inshulansi yolipira ndege kapena boti yokutulutsani mukavulala, poti malo ena chipatala chili ulendo wa tsiku lathunthu. Mukatentha thupi mutabwerako, auzeni adokotala kumene munali komanso ngati munasamba mumtsinje, chifukwa kuli matenda a leptospirosis amene amalowera pa mabala.

Tsopano chikwama. Dziwani kuti munyowa, kaya ndi mvula kaya ndi thukuta, ndipo chonyowa sichiuma. Kotoni ndi jinzi zisiyeni. Tengani mathalauza ndi malaya a manja aatali a nsalu yopepuka youma msanga, a mtundu wosawala. Ine ndimagawa pawiri: zovala zoyendera, zimene ndimavala m'mawa uliwonse ngakhale zili zonyowa ndi zonunkha, ndi zogonera, zimene zimakhala m'jumbo yomanga bwino ndipo sizituluka panja zivute zitani. Kuvala malaya ozizira achinyezi 5 koloko m'mawa kumanyansa kwa mphindi zisanu zokha, kenako thukuta limafananiza zonse. Jekete lamvula lokhuthala limangokuphikani. Chipepala chopepuka chovala pamvula, chophimba ndi chikwama chomwe, n'chabwino. Ku Amazon malo ogona ambiri amabwereketsa jombo, funsiranitu za saizi yanu. M'mawa gwedezani nsapato musanalowetse phazi.

Kamera ndi foni zili ndi mdani wake. Mukagona m'chipinda chozizira ndi makina n'kutuluka nazo kunja kotentha, galasi limachita nthunzi mpaka m'kati, ndipo mumadikira theka la ola mbalame ikukuyang'anani. Zisungeni m'jumbo yotseka pamodzi ndi timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi, ndipo muzitsegule zitatenthera kaye. Koma kunena zoona, chipangizo choonera patali, binoculars, chimaposa kamera. Mukakhala ndi ndalama ya chimodzi, gulani chimenecho.

Misundu ija. Ya ku Borneo imakhala pa masamba ndi pansi, itaima chilili n'kumagwedezeka uku ndi uku kufunafuna kutentha kwa thupi. Isanayamwe imakhala yowonda ngati kamtengo ka machesi, ndipo imalowa ngakhale pa kabowo ka chingwe cha nsapato. Malovu ake amaletsa magazi kuundana, n'chifukwa chake bala laling'ono limachucha kwa maola. Amagulitsa masokosi ansalu yothinana ofika m'mawondo, ovala pamwamba pa thalauza. Gulani, musachite nawo manyazi. Ukakugwirani musauwotche ndi fodya kapena kuuthira mchere, chifukwa umasanzira m'balamo. Kanikizani khungu pambali pa mutu wake, umene ndi mbali yowondayo, lowetsani chikhadabo n'kuusuntha cham'mbali, kenako muuthethe msanga usanamate chala. Tsukani bala, matani pulasitala, basi. Pofika tsiku lachitatu ndinkaithothola ndikucheza.

Poyenda, manja anu akhale anu. Mukaterera mumafuna kugwira mtengo uliwonse, koma ku Asia kuli zingwe za rattan za minga yokowa ngati mbedza, ndipo ku Central ndi South America kuli nyerere zazikulu zakuda zimene ululu wake umatha tsiku lathunthu. Podumpha chipika, pondani kaye pamwamba pake muone kuseri. Musachoke m'njira ngakhale mamita 20 kukadzithandiza osauza mnzanu. Mukatembenuka kawiri mbali zonse zimafanana.

Nthawi yabwino ndi mbandakucha ndi chisisira. Masana nkhalango imakhala zii, inunso gonani. Ulendo wausiku musauphonye. Ikani tochi pafupi ndi diso lanu, pachipumi kapena patsaya, muunike pansi: mudzaona timaso ta akangaude tikunyezimira ngati mame, achule ali pa masamba, ndipo mukazimitsa tochi kwa mphindi ziwiri, malo ena bowa amawala mobiriwira pa mitengo yowola.

Wokutsogolerani ndiye ulendo wonse. Funani wobadwira komweko, gulu lisapitirire anthu 6, ndipo mufunsiretu ngati amadyetsa kapena kugwira nyama. Ku Peru kampani ina inandilonjeza nkhalango yeniyeni, n'kukanditsitsa pa khumbi pomwe alendo ankapatsirana kanyama kaulesi kotchedwa sloth kuti ajambulitse. Kanali katatopa, mutu uli zyoli. Nyama zotere amachita kukazitenga kutchire ndipo sizikhalitsa. Mukaona zimenezi musatulutse ndalama. Chimodzimodzi nthenga za zinkhwe, mano, zikopa ndi maluwa a orchid: pangano la maiko la CITES loteteza nyama ndi zomera zakutchire, limene linayamba kugwira ntchito mu 1975, limaletsa kuwolotsa zambiri mwa zimenezi popanda chilolezo, ndipo pa bwalo la ndege sadzamva zoti simunadziwe.

Orangutan uja ndinadzamuona m'mawa wa tsiku lachinayi ku Danum. Wotitsogolera anaima mwadzidzidzi, n'kukweza dzanja kuti tikhale chete. Ine sindinamve kanthu. Iye anatola khoko la chipatso pansi, analinunkhiza, n'kundionetsa pomwe panalumidwa, pakadali ponyowa. Tinakhala pa muzu wa mtengo mphindi 40, khosi likuwawa ndi kuyang'ana kumwamba, misundu iwiri ikukwera jombo yanga. Kenako khoko lina linagwa, phwa, pafupi ndi phazi langa. Pamwamba penipeni, pambali pa chisa cha nthambi chimene anagonamo usikuwo, mkono wautali wa ubweya wofiirira unatambasuka kuthyola chipatso china, ndipo pamimba pa mayiyo panali kamwana katakangamira, kakutisuzumira ndi diso limodzi.