Kwa amene mukupita kukaphunzitsa kumidzi ya ku Thailand

Abale anga, ngati mwapeza ntchito yophunzitsa Chingelezi kumidzi ya ku Isan ku Thailand, tamverani izi. Tsiku limayamba m'mamawa kwambiri, cha m'ma 6 koloko amonke achibuda amayenda opanda nsapato atanyamula mbale zawo ndipo anthu amawaikiramo mpunga womata uja wa khao niao, ngati mukufuna kupereka nawo vulani kaye nsapato, ndipo azimayi musawakhudze amonkewo olo pang'ono, ingoikani chakudyacho m'mbalemo basi. Ikakwana 8 koloko ana onse ali pamzere, kukweza mbendera, nyimbo ya fuko kenako mapemphero achibuda, inu ingoimani mwaulemu.

Koma chomwe ndikufuna musaiwale ndi nkhani ya mutu ndi mapazi. Mwana musamusisite pamutu olo mwamukonda bwanji, kumeneko mutu amaulemekeza kwambiri. Mukakhala pansi m'kachisi pindirani miyendo kumbuyo, mapazi asaloze chifanizo cha Buddha kapena munthu. Komanso musamakalipe pagulu, mukamuchititsa manyazi mwana kapena mphunzitsi mnzanu ubalewo umavuta kuukonza. Pa chakudya muzinena kuti "mai phet", kutanthauza kuti chisakhale chowawa tsabola, ngati tsabola simumutha, som tam (saladi ya mapapaya osapsa) yakumeneko imawotcha zedi.